Kudontha kwa Mkodzo mwa Amayi: Uthenga kwa Anthu a ku Nayuchi ndi Madera Ozungulira

Unduna wa Zaumoyo ukudziwitsa alimi, ochita malonda ndi anthu onse a ku Nayuchi ndi madera ozungulira m'maboma a Machinga ndi Balaka kuti kulephera kusunga mkodzo, komwe ambiri amati kudontha mkodzo, ndi matenda monga ena onse. Zoyambitsa zake ndi zodziwika, ndipo amayi ambiri amene ali ndi vutoli amachira kapena kupeza bwino akalandira thandizo kuchipatala. Uthengawu ukuperekedwa chifukwa amayi ochuluka amakhala ndi vutoli zaka zambiri osauza munthu. Ena amaganiza kuti ndi mmene ukalamba umayambira, ena amati ndi malipiro a uchembere, pamene ena amakhulupirira kuti analodzedwa. M'zaka zobisazo mayi amataya malonda ake, ulemu wake pakati pa anzake, ndipo nthawi zina banja lake lomwe, chonsecho thandizo lilipo.

Mitundu ya vutoli

Mkodzo umasungidwa m'chikhodzodzo. Pansi pa chikhodzodzocho pali minofu ya m'chiuno imene imachirikiza chikhodzodzo, chiberekero ndi matumbo, ndiponso imathandiza kutseka njira ya mkodzo kufikira munthu atafuna kukodza. Minofu imeneyi, mitsempha yake kapena chikhodzodzo chenichenicho zikavulala, mkodzo umayamba kutuluka munthu asakufuna. Achipatala amasiyanitsa mitundu inayi, ndipo thandizo la mtundu uliwonse ndi losiyana.

Mtundu woyamba ndi wakuti mkodzo wochepa umatuluka mayi akatsokomola, akayetsemula, akaseka, akamasinja kapena akamasenza ndowa ya madzi. Izi zimachitika minofu ya m'chiuno ikafooka. Kubereka kambirimbiri, kubereka pafupipafupi, kunenepa kwambiri, chifuwa chokhalitsa, kudzimbidwa ndi kusiya kusamba ndi zina mwa zimene zimafooketsa minofuyi.

Mtundu wachiwiri ndi wakuti mayi amamva mkodzo mwadzidzidzi ndi mwamphamvu, moti umatuluka asanafike kuchimbudzi. Mayi wotere amakodza pafupipafupi masana ndipo amadzuka kangapo usiku. Nthawi zina choyambitsa chimakhala tizilombo tolowa m'njira ya mkodzo kapena matenda a shuga. Anthu a ku Nayuchi amakhala pakati pa nyanja ya Chiuta ndi nyanja ya Chilwa, ndipo ambiri amagwira ntchito m'madambo a mpunga, choncho likodzo nalo liyenera kuganiziridwa, pakuti limatupitsa ndi kuwononga chikhodzodzo.

Mtundu wachitatu ndi wakuti chikhodzodzo chimadzaza koma chimalephera kutulutsa mkodzo wonse, ndiye mkodzo umangosefukira pang'onopang'ono. Izi zimaoneka mwa amayi ena amene angobereka kumene, mwa odwala shuga kwa nthawi yaitali, ndi mwa amene chiberekero chawo chinatsika.

Mtundu wachinayi, womwe ndi woopsa kuposa yonse, ndi fistula. Mayi wa fistula amadontha mkodzo usana ndi usiku osalekeza, kaya wagona, wakhala pansi kapena akuyenda, ndipo sangathe kuuletsa ngakhale atayesetsa bwanji.

Mmene fistula imayambira

Fistula ndi bowo limene limatseguka pakati pa chikhodzodzo ndi njira yotulukira mwana, ndipo nthawi zina pakati pa njirayo ndi thumbo la chimbudzi. Kawirikawiri limayamba mayi akavutika pobereka kwa tsiku lathunthu kapena masiku angapo mwana osatuluka. Mutu wa mwana umapanikiza minofu ya mayi ku mafupa a m'chiuno, magazi amaleka kuyenda pamalopo, ndipo minofuyo imafa. Pakapita masiku ochepa, minofu yakufayo imayoyoka n'kusiya bowo. Nthawi zambiri mwana amabadwa atamwalira kale. Amayi ena amatsalanso ndi mwendo wofooka chifukwa mitsempha ya kumwendo nayo inapanikizika. Fistula ingayambenso chifukwa cha kuvulala pa opaleshoni, kugwiriridwa mwankhanza, kapena khansa ya khomo la chiberekero imene yafika patali.

M'midzi ina mukadali chikhulupiriro chakuti mayi akachedwa kubereka ndiye kuti iye kapena mwamuna wake anayenda njira zachibwenzi pa nthawi ya pakati, ndipo achibale amataya maola ambiri akumuumiriza kuti aulule. Chimene chimatsekereza mwana ndi kukula kwa mutu wake poyerekeza ndi chiuno cha mayi, kapena kugona kwake kolakwika m'mimba. Kuulula sikungakulitse chiuno. Mankhwala azitsamba ofulumizitsa kubereka, monga mwanamphepo, nawo sangatsegule njira yotsekeka. Amangowonjezera mphamvu ya chiberekero pa mwana amene sangathe kutuluka, ndipo chiberekero chingang'ambike.

Atsikana amene amatenga pakati matupi awo asanakhwime ali pachiopsezo chachikulu. Kafukufuku wa zaumoyo ndi chiwerengero cha anthu wa m'chaka cha 2015 mpaka 2016 anapeza kuti m'dziko muno atsikana 29 mwa 100 aliwonse a zaka 15 mpaka 19 anali atabereka kale kapena anali ndi pakati poyamba. M'boma la Machinga chiwerengerocho chinaposa 40 mwa 100 aliwonse. Komabe fistula imagwiranso amayi amene anabereka bwinobwino ana anayi kapena asanu, chifukwa mimba iliyonse ili ndi zake.

Mtunda nawo umawonjezera vutoli. Nayuchi ali kumalire ndi dziko la Mozambique, moyang'anizana ndi Entre Lagos, pamene chipatala cha boma la Machinga, komwe mayi angachitidwe opaleshoni yotulutsa mwana, chili ku Liwonde. M'nyengo ya mvula misewu ya m'derali imavuta kuyendamo. Banja limene layamba ladikira kunyumba, kenako n'kuyamba kufunafuna njinga ya kabaza usiku, limafika kuchipatala chaching'ono nthawi itatha kale, ndipo ulendo wa ku Liwonde umakhala ukadali patsogolo.

Mmene vutoli limasinthira moyo wa mayi

Choyamba kuvutika ndi thupi. Khungu likamakhala lonyowa ndi mkodzo nthawi zonse limapsa, limayabwa ndipo limachita zilonda. Pofuna kuchepetsa kudonthako, amayi ambiri amaleka kumwa madzi okwanira. Zotsatira zake mkodzo umakhala wochepa koma wakuda ndi wafungo lamphamvu, umawotcha khungu koposa kale, ndipo umabweretsa matenda a m'njira ya mkodzo ndi timiyala m'chikhodzodzo. Mayi amene amadzuka kanayi kapena kasanu usiku, kapena amene amagona pamphasa yonyowa, amadzuka m'mawa ali wotopa ntchito asanaiyambe.

Chachiwiri ndi chuma cha pakhomo. Moyo wa ku Nayuchi umadalira ulimi wa mpunga, chimanga, nandolo ndi chinangwa, malonda a nsomba monga matemba ndi milamba, ndi malonda ang'onoang'ono a pamsika ndi pasiteshoni ya sitima. Ntchito zonsezi zimafuna kuwerama, kunyamula katundu, kuyenda ulendo wautali kapena kukhala pamalo amodzi tsiku lonse pakati pa anthu. Mayi wogulitsa mandasi, zitumbuwa kapena nsomba amadziwa kuti ogula akangomva fungo sabweranso, choncho amasiya yekha malondawo. Mayi amene ankapita ku Liwonde kapena ku Balaka kukagula katundu amayamba kuopa ulendo wa maola angapo m'galimoto yodzaza. Amatuma wina, phindu limachepa, ndipo pamapeto pake mpamba umatha. Ganyu wa kumunda, yemwe amagwiridwa pagulu, amamupewanso. Ndalama zikamachepa choncho, zofunika zimachuluka: sopo wochapira tsiku ndi tsiku, zitenje zosinthira, mafuta odzola ndi madzi ambiri otunga kumjigo.

Chachitatu ndi banja. Amayi ambiri amayamba kukana kugona malo amodzi ndi amuna awo chifukwa cha manyazi, ndipo mwamuna amene sanafotokozeredwe amaganiza kuti akukanidwa. Mayi wa fistula amakhala atataya mwana, ndiye chisoni cha maliro chimaphatikizana ndi manyazi a kudontha. Amuna ena amapirira ndi kuperekeza akazi awo kuchipatala, ndipo ameneŵa ndi oyenera kuyamikiridwa. Ena amachoka pakhomo. M'madera a chikamwini, kumene mwamuna amakhala kwawo kwa mkazi, kuchokako sikuvuta: amanyamula chikwama chake n'kubwerera kwawo, mayi n'kutsala yekha ndi ana ndi munda.

Chachinayi ndi kudzipatula. Mayi amaleka kupita kumaliro, kuukwati, kumisonkhano ya banki m'khonde ndi kuzochitika za m'mudzi. Akapitako amakhala kumapeto, ndipo saloledwa kapena sadzilola kuphika nawo. Wa Chisilamu amada nkhawa kuti sangathe kukhala woyera pa nthawi ya swala, ndipo wa Chikhristu amaopa kudzuka pabenchi anthu akuona. Atsogoleri a Chisilamu akudziwa kuti malamulo a chipembedzochi ali ndi chilolezo cha munthu wodwala matenda otere, kuti adziyeretse pa nthawi ya pemphero lililonse n'kupemphera. Amayi ambiri sadziwa zimenezi chifukwa amachita manyazi kufunsa. Munthu akakhala yekha motere kwa nthawi yaitali amayamba kudziona wopanda pake, amasowa tulo ndi chilakolako cha chakudya, ndipo ena amafika poganiza zodzipha. Kuvutika maganizo kotereku nakonso ndi matenda ofunika thandizo la kuchipatala.

Thandizo limene lilipo

Malo oyambira ndi chipatala chimene muli nacho pafupi, monga cha Nayuchi, Nsanama kapena Ntaja, kapenanso mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lanu. Mayi ali ndi ufulu wopempha kuti alankhule ndi namwino kapena mzamba payekha, ndipo zimene wanena zimasungidwa mwachinsinsi. Afotokoze nthawi imene vutoli linayamba, ngati linayamba atangobereka kapena atachitidwa opaleshoni, ngati mkodzo umatuluka nthawi zonse kapena pokhapokha akatsokomola, ndiponso ngati mumkodzo mumaoneka magazi. Mayankho a mafunso amenewa ndi amene amathandiza achipatala kudziwa mtundu wa vutolo. M'zipatala za boma thandizoli ndi laulere.

Ngati choyambitsa ndi tizilombo ta m'njira ya mkodzo kapena likodzo, mankhwala alipo. Ngati ndi shuga, chifuwa chokhalitsa kapena kudzimbidwa, kuthana ndi matendawo kumachepetsanso kudontha. Ngati ndi kufooka kwa minofu ya m'chiuno, thandizo loyamba ndi kulimbitsa minofuyo, njira imene dokotala wa ku America, Arnold Kegel, anaifotokoza m'chaka cha 1948 ndipo ikugwiritsidwa ntchito mpaka lero. Mayi amafinya minofu ya kumusi ngati akuletsa mpweya woipa kapena mkodzo kutuluka, osamanga mpweya ndiponso osalimbitsa mimba kapena ntchafu. Amagwira choncho akuwerenga pang'onopang'ono mpaka pamene angathere, osapitirira khumi, kenako amamasula n'kupuma. Achite zimenezi kasanu ndi katatu kapena kakhumi motsatizana, katatu pa tsiku, kwa miyezi yosachepera itatu. Angachite atakhala pansi akusankha mpunga kapena ali pamsika, popanda wina kuzindikira. Asazolowere kuchita zimenezi pa nthawi imene akukodza. Mayi amene mkodzo umamupeza mwadzidzidzi amaphunzitsidwa kukodza pa nthawi zoikika, n'kumatalikitsa nthawiyo pang'onopang'ono, ndi kuchepetsa tiyi, khofi, mowa ndi zakumwa zozizilitsa kukhosi zamtundu wa kola.

Fistula sichira ndi zolimbitsa minofu, mapilitsi kapena zitsamba. Mayi amene wayamba kudontha patangopita masiku ochepa atabereka abwerere kuchipatala msanga, chifukwa bowo laling'ono limene langoyamba kumene nthawi zina limatsekeka lokha akamuika kapaipi kotulutsira mkodzo kwa masabata angapo. Bowo lokhalitsa limafuna opaleshoni yosoka, yochitidwa ndi madokotala amene anaphunzira ntchitoyi mwapadera. Zipatala za maboma ku Liwonde ndi ku Balaka zimayeza mayi ndi kumutumiza koyenera. Ku Lilongwe, pachipatala cha Bwaila, kuli malo othandizira amayi a fistula amene anatsegulidwa m'chaka cha 2012 mothandizidwa ndi bungwe la Freedom From Fistula Foundation, ndipo amayi salipira kanthu pa opaleshoniyo. Amayi ambiri amene asokedwa amauma. Ena, makamaka amene anavulala kwambiri, amafunika opaleshoni yachiwiri kapena thandizo lina lowonjezera. Kukhala ndi fistula zaka khumi kapena makumi awiri si chifukwa choti mayi asapite kukayezedwa.

Mayi akasokedwa amakhala ndi kapaipi kwa sabata imodzi kapena awiri, amamwa madzi ambiri, ndipo amalangizidwa kupewa ntchito zolemetsa ndi kugonana kwa miyezi yosachepera itatu. Apa m'pamene mwamuna amafunika kumvetsa, pakuti kufulumira kungang'ambe posokedwapo. Banjalo limalangizidwanso za kulera kuti thupi lipume. Mayi amene anasokedwa fistula akadzatenganso pakati ayenera kuuza azamba za mbiri yake kuyambira tsiku loyamba la sikelo, ndipo adzabereke kudzera pa opaleshoni kuchipatala chachikulu.

Pamene mayi akudikira thandizo, apitirize kumwa madzi okwanira. Asambe ndi madzi oyera, aumitse bwino khungu, n'kupaka mafuta monga Vaseline kuti mkodzo usawotche. Nsalu zimene akugwiritsa ntchito zikhale za thonje, azisintha pafupipafupi, azichapa ndi sopo ndi kuziyanika padzuwa mpaka ziume. Apite kuchipatala tsiku lomwelo ngati watentha thupi, akumva kuwawa m'chiuno kapena kumsana, akuona magazi mumkodzo, akulephereratu kukodza, kapena akutaya magazi pomwe anasiya kale kusamba.

Amene akufuna kuyamba wafunsa asanaonekere kuchipatala angathe kuimba foni ku Chipatala cha pa Foni. Ntchito imeneyi inayambira m'boma la Balaka m'chaka cha 2011 ndipo kenako inafalikira m'dziko lonse.

Kapewedwe

Fistula yobwera chifukwa cha kubereka imapeweka. M'maiko amene mayi aliyense amaberekera kuchipatala ndipo opaleshoni imapezeka msanga, matendawa anatheratu. Mayi aliyense woyembekezera ayambe sikelo m'miyezi itatu yoyambirira ndipo aonane ndi achipatala kasanu ndi katatu pa nthawi yonse ya pakati. Banja likonzeretu ndalama ya ulendo ndi munthu woperekeza mwezi wobereka usanafike. Amene amakhala kutali ndi chipatala, amene ali ndi mimba yoyamba ali aang'ono, ndi amene anachitidwapo opaleshoni apite kukadikirira kuchipatala monga mmene azamba awalangizira, makamaka m'nyengo ya mvula. Mayi asapitirire maola khumi ndi awiri akumva zowawa za kubereka popanda kuonedwa ndi mzamba wophunzitsidwa.

Malamulo a dziko lino amateteza atsikana. Lamulo la maukwati la m'chaka cha 2015 linakhazikitsa zaka 18 ngati msinkhu wolowera m'banja, ndipo m'chaka cha 2017 Nyumba ya Malamulo inasintha malamulo aakulu a dziko kuti aliyense wosakwana zaka 18 aziwerengedwa kuti ndi mwana. Kholo limene likukwatitsa mwana wa zaka 14 kapena 15 likuphwanya lamulo, komanso likuika thupi la mwanayo pangozi imene ingamusautse moyo wake wonse. Kulera kumapatsa minofu ya mayi nthawi yobwerera m'malo mwake. Kuyezetsa khomo la chiberekero, ndi katemera woteteza ku khansa imeneyi amene boma linayamba kupereka kwa atsikana m'dziko lonse m'chaka cha 2019, zimatseka njira ina imene fistula imadzera.

Udindo wa aliyense

Vutoli likudziwika padziko lonse. Ku Ethiopia, madokotala Reginald ndi Catherine Hamlin anatsegula chipatala cha amayi a fistula ku Addis Ababa m'chaka cha 1974. Bungwe la UNFPA linayambitsa ntchito yothetsa fistula padziko lonse m'chaka cha 2003, ndipo kuyambira m'chaka cha 2013 tsiku la 23 Meyi limakumbukiridwa chaka chilichonse ngati tsiku lothetsa matendawa. Koma mayi amene akubisala kuseri kwa nyumba m'mudzi wa ku Nayuchi sangafikiridwe ndi mabungwe akutali. Amene angamufikire ndi mwamuna wake, mchemwali wake, mnzake wa pamsika ndi mfumu yake.

Abambo akupemphedwa kuperekeza akazi awo kuchipatala ndi kumva okha zimene achipatala anene. Ankhoswe akalandira dandaulo la banja limene gwero lake ndi matendawa, alangize za chipatala asanakambe zothetsa ukwati. Mafumu, anankungwi, mashehe ndi abusa alankhule za kudontha mkodzo pamisonkhano yawo monga amalankhulira za malungo ndi kolera, ndipo adzudzule onyoza. Makomiti a misika aonetsetse kuti zimbudzi za amayi ndi zaukhondo, zili ndi madzi ndipo n'zotsegula nthawi yonse ya msika, pakuti chimbudzi chapafupi n'chimene chimalola mayi wa vutoli kupitiriza malonda ake. Magulu a banki m'khonde ndi makalabu a alimi asachotse membala amene wasiya kubwera asanafufuze mwaulemu chimene chamuletsa, ndipo amulandirenso akachira kuti ayambirenso malonda. Amene muli ndi abale kutsidya la malire, ku Entre Lagos ndi m'boma la Mecanhelas, auzeninso uthengawu.

Mayi aliyense amene akudontha mkodzo, kaya pang'ono kapena kwambiri, kaya anayamba mwezi watha kapena zaka zambiri zapitazo, akupemphedwa kupita kuchipatala chimene ali nacho pafupi, atatenga buku lake la kuchipatala, ndi kukafotokoza vuto lake kwa namwino kapena mzamba.